Ophunzira a m'Mayunivesite ndi Malo a Mbiri m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Mau oyamba

Munthu akachoka ku Limbe kulowera ku Mulanje podzera msewu wa ku Thyolo, atapitirira Bvumbwe amayamba kuona minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse ziwiri za msewu. Alendo ambiri amaimitsa galimoto n'kujambula zithunzi. Koma ndi ochepa amene amauzidwa kuti mindayi inayamba liti, kuti malowa anali a yani kale, ndiponso kuti anthu amene anagwetsa nkhalango ndi kubzala tiyiyo anachokera kuti. Ngakhale ana obadwira m'makomboni a m'maesiteti momwemo, ambiri mwa iwo sazidziwa zimenezi.

Nkhani ino ikufotokoza njira imodzi yothandizira kuti mbiri imeneyi isatayike ndiponso kuti malo ake adziwike, ndiyo ntchito ya ophunzira a m'mayunivesite amene amatumizidwa kukakhala pakati pa anthu ngati gawo la maphunziro awo. Tiona tanthauzo la ndondomekoyi, mbiri ya tiyi ku Thyolo, malo amene alipo, ntchito imene ophunzira angagwire, ndi zoyenera kusamala. Mfundo yaikulu ndi yakuti mbiri ya minda ya tiyi ili ndi mbali ziwiri, ya eni esiteti ndi ya anthu ogwira ntchito. Mbali yoyamba inalembedwa ndipo nyumba zake zikusamalidwa. Mbali yachiwiri yatsala m'mitu ya okalamba amene akutha chaka ndi chaka.

Kodi kutumiza ophunzira pakati pa anthu n'chiyani?

Kuno ku Malawi maphunziro ambiri a ukachenjede sathera m'kalasi. Wophunzira uphunzitsi amapita kusukulu kukayesera kuphunzitsa. Wophunzira unamwino amagwira ntchito m'zipatala zazing'ono ndi m'midzi. Ophunzira udokotala a ku College of Medicine, imene kuyambira mu 2021 ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences, akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira za umoyo wa anthu akumudzi. Ophunzira eni ake amaitcha nthawi imeneyi kuti atachimenti.

Ndondomekoyi imakhudza mbali zitatu. Pali sukulu, imene imatuma wophunzira ndi kumpatsa mphunzitsi womuyang'anira. Pali bungwe, kampani kapena ofesi ya boma imene imamlandira ndi kumpatsa ntchito. Ndipo pali anthu a m'deralo amene wophunzirayo amakhala nawo. Nthawi yake imakhala masabata angapo kapena miyezi ingapo. Wophunzira amalemba zimene wachita m'buku lake, ndipo pomaliza amapereka lipoti limene limachongedwa ngati mayeso.

Pamene ntchito yotereyi ikhudza malo a mbiri, cholinga chake chimakhala kufufuza mbiri ya malowo, kuilemba bwino, kuidziwitsa kwa anthu ndi kuthandiza eni dera kuti apindule ndi alendo odzaona malowo.

Yunivesite ili pakhomo

Boma la Thyolo lili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Ku Ndata, kufupi ndi Goliati, kuli Malawi University of Science and Technology, imene ambiri amangoti MUST. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 2012 ndipo inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Limodzi mwa magawo ake ndi Bingu School of Culture and Heritage, kumene amaphunzitsa za nzeru ndi luso la makolo, za nyimbo za mu Africa, ndiponso za chiyankhulo ndi chikhalidwe. Gawo lina, Ndata School of Climate and Earth Sciences, limaphunzitsa za nyengo, za nthaka ndi miyala, ndi za kajambulidwe ka mapu pogwiritsa ntchito makina amakono. Maluso awiriwa, lomvetsera anthu ndi lojambula malo, ndi amene amafunika kwambiri posunga malo a mbiri.

Mwambo wotuma ophunzira kukafunsa akuluakulu si wachilendo m'dziko muno. Kwa zaka zambiri, dipatimenti ya mbiri ya ku Chancellor College inkatuma ophunzira a m'chaka chomaliza kukafufuza mbiri ya m'madera, kawirikawiri kwawo komwe, ndipo zolemba zawo zakhala zikugwiritsidwa ntchito ndi akatswiri olemba mabuku a mbiri ya Malawi. Chimene chinkasowa kawirikawiri n'chakuti zolembazo zinali m'Chingerezi ndipo zinkatsala m'laibulale ku Zomba, kutali ndi anthu amene anapereka mauwo.

Mbiri ya tiyi mwachidule

Mbeu zoyamba za tiyi zinafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, koma sizinachite bwino. Zina zinabwera m'zaka za m'ma 1880 ndipo zinamera. Mu 1891 Henry Brown, amene anali atalimapo khofi ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, anabzala tiyi ku Thornwood m'boma la Mulanje. Motero dziko lino limawerengedwa kuti ndilo loyamba mu Africa mwa maiko amene akulimabe tiyi wamalonda wochuluka kuyambira nthawi imeneyo. Ku Thyolo, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, tiyi anabzalidwa pa esiteti ya Bandanga mu 1908.

Poyamba azungu ambiri a ku Thyolo ankadalira khofi, kenaka fodya ndi thonje. Tiyi anakula mphamvu m'zaka za m'ma 1930, makamaka pambuyo pa pangano la maiko la mu 1933 limene linachepetsa tiyi wotumizidwa kunja kuchokera ku India, Ceylon ndi zilumba za Indonesia, zimene zinakweza mitengo. Mayina a maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Makwasa anakhala mayina odziwika m'boma lonse. Conforzi inatenga dzina la mwini wake woyamba, Mtaliyana Ignazio Conforzi. Mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti Amalawi nawonso azilima tiyi m'minda yawo ing'onoing'ono n'kumagulitsa masamba kumafakitale.

M'zaka zambiri zapitazi dziko lino lakhala likukolola makilogalamu a tiyi pakati pa 40 ndi 50 miliyoni pachaka, ndipo wochuluka amachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje. Wina amagulitsidwa pa msika wa tiyi wa ku Limbe. Ntchito imachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Wothyola amatenga masamba awiri apamwamba ndi nsonga yake n'kuponya m'dengu la kumsana. Kufakitale masambawo amafotetsedwa, amaduladulidwa, amasiyidwa kuti asinthe mtundu, kenaka amaumitsidwa ndi kusankhidwa m'magulu. Ntchito yonseyi imayambira m'manja mwa munthu woima m'munda kuyambira m'mamawa.

Thangata ndi anthu amene anagwira ntchito

Kuyambira mu 1892, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anayamba kupereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi a azungu amene ankati anawagula kwa mafumu. Ku Thyolo gawo lalikulu linadzakhala m'manja mwa British Central Africa Company. Zikalata zambiri zinali ndi mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma chitetezo chimenechi sichinkakhudza anthu obwera pambuyo pake.

Obwerawo anali ambiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe anayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo, njala, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Eni maesiteti anawalola kumanga ndi kulima pamalo awo, koma lendi yake inali ntchito. Dongosolo limeneli analitcha thangata, mau amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana pantchito mwaufulu. Papepala munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, koma m'malo ambiri masikuwo ankatalikitsidwa, ndipo ntchitoyo inkafunika m'nyengo ya mvula pamene munthu anayenera kupalira munda wake. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu.

Lamulo la mu 1928 linakhazikitsa kuti munthu angathe kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena pogulitsa mbeu zake kwa mwini esiteti, koma linalolanso eni malo kuchotsa gawo la anthu pazaka zisanu zilizonse. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anafufuza za vuto la malo ndipo analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa a m'maesiteti. Zinthu zisanasinthe kwenikweni, mu Ogasiti 1953 kunabuka zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo, pa nkhani ya anthu ogwidwa ndi malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza. Mkwiyo wa lendi, wa malo ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland unakumana pamodzi, zipolowezo zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo la mu 1962.

Akatswiri analemba za zimenezi. J. A. K. Kandawire anatulutsa buku lonena za thangata mu 1979, Robin Palmer anafufuza za moyo wa antchito a m'minda ya tiyi pakati pa 1930 ndi 1953, Wiseman Chirwa analemba za antchito a Chilomwe, ndipo John McCracken anasonkhanitsa zambiri m'buku lake la mbiri ya Malawi la mu 2012. Zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo n'zovuta kuzipeza kumudzi.

Vuto la malo silinathe ndi thangata. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, limene kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,715, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi ndi mitengo ya maesiteti. Pakati pa 2004 ndi 2011, pologalamu ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupita kumaboma monga Machinga ndi Mangochi. Okalamba ena odziwa mbiri ya maesiteti anapita nawo kumeneko.

Malo amene alipo

Esiteti ya Satemwa ndiyo yodziwika kwambiri kwa alendo. Inayambitsidwa mu 1923 ndi Maclean Kay wa ku Scotland, ndipo yakhala m'manja mwa banja lomwelo kufikira mbadwo wachitatu. Nyumba ya banjali, Huntingdon House, inasandutsidwa malo ogona alendo, ndipo alendo amayenda m'minda, amaona fakitale ndi kulawa mitundu ya tiyi.

Phiri la Thyolo, lotalika mamita pafupifupi 1,460, linali ndi nkhalango yowirira imene boma linaiteteza kuyambira mu 1924. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 gawo lalikulu la nkhalangoyi linadulidwa ndi anthu osowa minda, ndipo kachigawo kamene kanapulumuka kwambiri ndi ka mbali ya Satemwa. M'nkhalangoyi munapezeka mbalame yaing'ono yosowa imene akatswiri anaitcha Thyolo Alethe, kotero kuti dzina la boma lino limadziwika kwa okonda mbalame a m'maiko akutali.

Mwalawanthunzi ndi mwala umene uli m'mbali mwa msewu wa Limbe ndi Thyolo. Apaulendo akale ankaugogoda ndi kamwala popempha ulendo wabwino, ndipo anthu amasimba kuti opanga msewu atausuntha unabwerera pamalo pake. Nthano zina zimaugwirizanitsa ndi ulendo wa Mbona, amene kachisi wake wa mvula ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Za chipembedzo cha Mbona analemba kwambiri ndi Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort, makamaka m'buku lawo la mu 1992 lotchedwa River of Blood.

Ku Makwasa kuli Malamulo, mishoni ya mpingo wa Seventh-day Adventist imene inayamba mu 1902 pamalo amene Joseph Booth anakhazikitsapo kale mishoni ya Plainfield. Mtsogoleri wake woyamba anali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America. Palinso njanji yakale imene inafika ku Blantyre mu 1908 podzera Sandama ndi Luchenza, ndipo ndi imene inkanyamula tiyi kupita kunyanja yamchere. Ku Ndata kuli Mpumulo wa Bata, chiliza cha Pulezidenti Bingu wa Mutharika amene anamwalira mu Epulo 2012.

Pali cholowa china chosakhala mwala kapena nyumba. Gule wa Tchopa wa Alomwe, amene amavinidwa pa nsembe za makolo, pokondwerera zokolola ndi pa zochitika zina, anaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a padziko lonse mu 2014. Ndipo mu Julayi 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Mlendo wopita ku Mulanje kuchokera ku Blantyre ali ndi misewu iwiri, wa Midima ndi wa ku Thyolo. Adzasankha wa ku Thyolo ngati adziwa kuti kuli choti aone ndi choti amve.

Mbali imene ikusowa

Tikayang'ana mndandandawu tiona kuti nyumba ya mwini esiteti, mishoni ndi chiliza cha mtsogoleri zili ndi ozisamalira. Komboni yakale, manda a antchito, malo amene anthu ankalandirira phoso, njira imene Alomwe anadzera polowa m'dziko muno ndi malo amene zipolowe za mu 1953 zinachitikira sizilowa m'timabuku tokopa alendo. Mlendo amachoka akudziwa dzina la amene anagula malo, koma osadziwa dzina la kapitawo kapena la mai mmodzi wothyola tiyi.

Ku Sri Lanka, kumene Henry Brown anachokera, anthu anakumana ndi funso lomweli. Kufupi ndi Kandy kuli nyumba yosungira zakale za tiyi, imene imaonetsa makina ndi mbiri ya azungu oyambitsa ulimiwu. Koma kufupi ndi Gampola kunatsegulidwa nyumba ina mu 2007, m'chipinda chakale cha m'komboni, yoonetsa moyo wa antchito a Chitamil amene anatengedwa kuchokera ku India. M'menemo muli miphika, zovala, zida ndi zikalata zawo. Chitsanzochi chikutiphunzitsa kuti malo oterewa safuna nyumba yaikulu. Chipinda chimodzi chimakwana ngati pali anthu odziwa kufotokoza.

Nthawi ndiyo yachepa. Munthu amene anali ndi zaka 15 pa zipolowe za mu 1953 anakwanitsa zaka 87 mu 2025. Amene anali ndi zaka 18 pamene thangata ankathetsedwa anakwanitsa zaka 81 m'chaka chomwecho. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawamva ndi kuwasunga.

Ntchito imene ophunzira angagwire

Yoyamba ndiyo kujambula mau a okalamba. Foni yam'manja imakwana. Wophunzira afunse za kumene makolo anachokera, za ntchito, malipiro, phoso, nyimbo za pantchito, matenda ndi maliro. Azifunsa amai ndi abambo omwe, popeza amai amakumbukira zambiri m'nyimbo za pamtondo ndi m'mayina a ana. Munthu ayankhule chiyankhulo chimene wachizolowera, kaya Chichewa, Chimang'anja, Chilomwe kapena Chiyao. Kenaka zimene zanenedwazo ziyerekezedwe ndi zikalata za ku National Archives ku Zomba ndi za m'laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, pakuti munthu amaiwala chaka, ndipo chikalata cha mtsamunda chimabisa zina.

Yachiwiri ndiyo kulemba mndandanda ndi mapu a malo: manda akale, makomboni, mafakitale osiyidwa, masiteshoni a sitima, zitsime, mitengo ya nsembe ndi mabwalo a milandu. Dzina la malo aliwonse lilembedwe pamodzi ndi tanthauzo lake monga eni dera amalifotokozera.

Yachitatu ndiyo kujambula zithunzi za zinthu zakale zimene mabanja akusunga, monga matikiti a ntchito, ziphaso za msonkho, madengu, zithunzi ndi makalata. Zinthuzo zitsale m'manja mwa eni ake, wophunzira atenge chithunzi ndi mbiri yake yokha.

Yachinayi ndiyo kukonza zodziwitsira anthu: zikwangwani za pamsewu, timabuku, mapologalamu a pawailesi za m'madera, ndi nkhani za pa Facebook ndi WhatsApp. Izi ziyambe kulembedwa m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo, chifukwa mlendo woyamba wa malo a mbiri ndi mwana wasukulu wa m'dera lomwelo.

Yachisanu ndiyo kuphunzitsa achinyamata a m'midzi kutsogolera alendo: kulandira mlendo, kufotokoza mbiri mosaonjezera, kusunga nthawi ndi kulemba ndalama zolowa. Wophunzira wa kuyunivesite ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ntchito imapitirira ngati wasiya anthu okhala pomwepo amene aidziwa.

Zoyenera kusamala

Malo a mbiri m'dziko muno amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la mu 1990, ndipo amayang'aniridwa ndi dipatimenti ya boma yoona za nyumba zosungira zakale ndi zipilala. Lamuloli limaletsa kukumba, kuchotsa kapena kutulutsa kunja zinthu zakale zotetezedwa popanda chilolezo. Wophunzira akapeza mbiya, mikanda kapena mafupa, asakhudze, akadziwitse akuluakulu.

Kulowa m'mudzi kumayambira kwa mfumu. Sukulu idziwitse khonsolo ya boma, mfumu yaikulu, gulupu ndi nyakwawa ophunzira asanafike. Malo amene ali mkati mwa esiteti ndi a kampani, choncho pamafunika chilolezo cha oyang'anira esitetiyo. Makampani ena ali ndi mabuku akale a antchito ndi zithunzi, ndipo ndi bwino kuwayandikira ngati anzathu pantchitoyi.

Munthu aliyense wofunsidwa auzidwe bwino kuti mau ake apita kuti, ndipo ali ndi ufulu wokana kapena wopempha kuti dzina lake libisidwe. Izi n'zofunika makamaka kwa amene akugwirabe ntchito pa esiteti kapena amene ana awo akugwira kumeneko, popeza ena amaopa kuti mau awo angawachotsetse ntchito. Nkhani ya malo ikadali bala losapola ku Thyolo. Wophunzira sali woweruza milandu ya malo, ndipo asalonjeze anthu kuti kafukufuku wake awabwezera minda. Ntchito yake ndi kulemba zoona za mbali zonse mwaulemu. Mau onyoza apewedwe: dzina limene atsamunda ankatchulira Alomwe linasiyidwa m'zolemba za boma chifukwa cha khama la bungwe la Alomwe limene Lewis Bandawe anatsogolera kuyambira mu 1943.

Manda ndi malo a nsembe ali ndi miyambo yake, ndipo eni ake ndiwo anene chimene chingajambulidwe ndi chimene sichingaonetsedwe. Gule ngati Tchopa asasandutsidwe chionetsero cha makobidi ovina eni ake asanagwirizane za nthawi, malo ndi malipiro.

Mavuto odziwika

Vuto loyamba ndi ndalama. Wophunzira amafunika thiransipoti, chakudya ndi pogona, ndipo ambiri amachokera m'mabanja osauka. Ngati sukulu ndi bungwe lomlandira sizigwirizana za ndalamazi pachiyambi, mtolo umagwera banja la kumudzi limene lamsunga. Lachiwiri ndi kufupika kwa nthawi: gulu lililonse likayamba ntchito yatsopano, palibe chimene chimatha. N'kwabwino kuti sukulu isankhe malo amodzi n'kutumizako magulu otsatizana kwa zaka zingapo, gulu lililonse kupitiriza pamene linzake linasiyira. Lachitatu ndi kutopa kwa anthu ndi ofufuza amene amafunsa mafunso n'kupita osabweranso. Mankhwala ake ndi akuti ophunzira asanachoke aitanitse msonkhano pabwalo la mfumu, awerenge zimene apeza, alandire zowakonza, ndipo asiye kope kusukulu ya pafupi ndi kwa mfumu. Lachinayi ndi kagawidwe ka phindu. Alendo akayamba kubwera, pakhale komiti yosankhidwa poyera ndi buku la ndalama limene aliyense angaone, pakuti ndalama zochepa zimatha kugawa mudzi.

Tisaiwalenso nyengo. Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anagumula mapiri ndi kukokolola midzi m'maboma a kum'mwera kuphatikizapo Thyolo. Mapiri opanda mitengo amagumuka msanga, ndipo madzi akakokolola nyumba amatenganso zikalata, zithunzi ndi manda. Zimene zajambulidwa zisungidwe m'malo angapo.

Mau otsiriza

Owerenga athu ambiri ndi anthu amene amayendera mabanja m'midzi ndi m'makomboni sabata ndi sabata, ndipo amadziwa nkhalamba iliyonse ndi dzina lake. Mungathandize m'njira zosavuta. Lembani mayina a okalamba a m'dera lanu amene anagwirapo thangata kapena amene anaona zochitika za mu 1953, ndipo muwafunse ngati angalole kuyankhula. Limbikitsani mabanja kuti asatenthe kapena kukulungira zinthu mapepala akale. Samalani mabuku akale a ubatizo, a maukwati ndi a sukulu, chifukwa m'menemo muli mayina a midzi ndi a mabanja amene sapezekanso kwina kulikonse. Ophunzira akafika m'dera lanu, aperekezeni kwa mfumu, ndipo musachite manyazi kuwafunsa kuti adzabwera liti kudzakuwerengerani zimene alemba.

Ngati palibe wophunzira amene wafika, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi kapena mdzukulu amene ali ndi foni angathe kuyamba. Akhale pansi ndi agogo madzulo amodzi, afunse kumene makolo anachokera ndi esiteti imene anayamba kugwirako ntchito, alembe tsiku, malo ndi dzina la woyankhayo, ndipo asunge bwino.